Bokosi Losalankhula Linatsala Pang'ono Kuwotcha Amayi Anga pa Chonde

Amayi anga anatsala pang'ono kupsera m'galimoto pa Chonde, masanasana, msika uli pakati. Musati inali ngozi. Inali ntchito ya manja a munthu, ndipo munthuyo mpaka lero akutsegula garaja yake m'mawa uliwonse ngati palibe chachitika.

Dzina la garajayo sinditchula. Achimwene anga andiletsa, akuti tingadziputire milandu. Koma eni ake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga. Anthu amangowatchula kuti a Injiniya. Werengani mofatsa, a Injiniya, musadumphe mzere.

Kwa amene simundidziwa, ndine telala, ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo ndimakhala cha ku Likhubula ndi amayi anga. Amayiwa athyola tiyi pa esiteti moyo wawo wonse. Chaka chatha anagwidwa ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu nawo anapita. Amamva chilichonse, amazindikira aliyense, koma kuyankhula ayi. Akafuna kanthu amamenya ndi dzanja lamanzere pa chilichonse chili pafupi, ife n'kumalota: kaya ndi madzi, kaya ndi kuchimbudzi, kaya penapake pakuwawa. Kawiri pamwezi ndimapita nawo ku Blantyre kukachita mafizo, zowongola ziwalo zija za kuchipatala. Miyezi yapitayi zala za dzanja lakufa lija zinali zitayamba kugwedera pang'ono, ndipo a kuchipatala anatiuza kuti tisadumphitse ngakhale ulendo umodzi, poti dzanja lotere likasiyidwa limaumiratu. Achimwene a ku Joni ndiwo anatigulira kagalimoto, kaja ka ku Japan ka chitseko chokoka, kuti amayi asamavutike m'maminibasi.

Zinayamba ndi kanyali. Kaja kachikasu ka padashibodi, kojambulidwa ngati injini. Kanayaka tsiku lina ndikuchokera ku Chitakale, ndipo galimoto ikaima injini inkanjenjemera mpaka chiwongolero kumagwedezeka m'manja. Ine za injini sindidziwa, koma sindine wogona. Kanyali kakayaka ndiye kuti galimoto ikukuuza kanthu. Ndinapita ku garaja ya a Injiniya poti anthu amaitama kuti ili ndi makina oyezera.

Analumikiza makinawo pansi pa chiwongolero. Panatuluka malemba. Ndinafunsa kuti makina akuti chiyani.

"Akuti injekita yachitatu," anatero a Injiniya. "Koma musawamvere, mayi. Si makinawa akunena, ndi bokosi lanu. Mabokosi a ku Japan akakalamba amabwebweta."

Ndikufotokozereni mmene ndinadzamvera pambuyo pake, kuti tiyendere limodzi. Mainjekita ndi tija topopera petulo mu injini. Bokosi ndi kompyuta ya galimoto, kachitsulo kokhala ngati chibokosi cha chakudya cha mwana wasukulu, kobisika kuseri kwa dashibodi. Ndilo limauza mainjekita kuti apopere petulo wochuluka bwanji ndi nthawi yanji. Likaona kuti chinachake sichili bwino limayatsa kanyali, ndipo makina akalumikizidwa limatchula pamene pavuta. Langa linatchula. Linati injekita yachitatu. Ndinawerenga ndekha ndi maso angawa.

Ndinawapempha kuti bwanji ayambe aiona injekitayo. Anaseka, anzawo amene ankasewera bawo pakhonde nawonso anaseka.

"Mayi, inu paja mumasoka eti? Ine ndikabwera kwanu sindingakuuzeni poika zipi. Bokosi lanuli lafa. Ndili ndi lamakono, lolowa galimoto iliyonse. Limenelo silivuta, silibwebweta. Isiyeni galimotoyi, mudzaitenge mkuja."

Ndinachita manyazi. Ndinaisiya.

Nditapita kukaitenga, kanyali kanali katazima. Injini inkalira mosalala. A Injiniya anabweretsa timakina tina, tating'ono, osati aja oyamba, n'kundionetsa malemba obiriwira.

"Mwaona? Palibe vuto. Makina sanama, mayi."

Makina sanama. Koma dzana makina oyamba aja atanena za injekita, munati ndisawamvere. Ndiye amanama tsiku liti, amanena zoona tsiku liti? Funso limeneli linandibwerera ndili kale pamsewu. Ndinafunsako za bokosi langa lakale, anati lili m'zitsulo kuseri, adzandifunira. Za ndalama zimene ndinalipira sindikamba, si nkhani yake.

Amati tsoka silinunkha. Langali linkanunkha petulo sabata yathunthu.

Anayamba kulimva ndi amayi. Lamulungu ndikupita nawo kutchalitchi, anayamba kumenya kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinaima. Madzi? Anapukusa mutu. Pakuwawa? Anapukusa mutu. Kenako anagwira mphuno, n'kuloza kutsogolo. Nditatuluka ndinalimvadi fungolo, linkachokera ku boneti. Ndinaimba foni pomwepo.

"Ndi bokosi latsopanolo," anatero a Injiniya. "Likuphunzira injini yanu. Lipatseni sabata."

Likuphunzira! Lili Sitandade chani?

Ndinaimbanso patapita masiku, poti petulo ankatha ngati ndikupita ku Lilongwe pamene ndangofika ku Chitakale, ndipo fungo linali litakula. Ndinawauza kuti ndili ndi ulendo wa ku Blantyre ndi munthu wodwala, wosatha kuyenda yekha. Ndinawauza zimenezi momveka bwino, asadzakane.

"Kanyali kayaka?"

"Ayi."

"Nde mukudandaula chani, mayi? Pakanakhala vuto kakanayaka. Pitani ulendo wanu, musaope."

Ndinapita. Munthu wodziwa ntchito akakuuza kuti usaope, iwe telala ungatani?

Tinanyamuka m'mawa, tili awiri, ine ndi amayi. Anansi anandithandiza kuwakweza monga mwa nthawi zonse, poti amayi ndi athupi, munthu mmodzi sangawanyamule. Ndinawamanga lamba pampando wakumbuyo, njinga yawo ya olumala ndinaipinda n'kuiika kubuti. Njira yonse ankamenya mpando wanga. Ine ndinkangoti, "Amayi, pepani, a makaniko akuti ndi mmene imachitira." Ndinatsitsa magalasi akutsogolo kuti fungo lizituluka.

Pa Chonde linali tsiku la msika. Amene mumadutsapo mukudziwa mmene pamakhalira: anthu, njinga, a kabaza, matumba a chinangwa, maminibasi kuima paliponse. Ndinkayenda pang'onopang'ono. Injini inatsokomola kawiri. Kenako zii.

Ndinaikankhira m'mbali ndi liwiro limene linatsala. Inakaima pafupi ndi chiwaya cha tchipisi. Moto uli lawilawi pansi pa chiwayacho, mafuta akuwira, anthu ataima akudya.

Ndinapotoza kiyi. Inakana. Ndinapotozanso. Inakana. Ndinasiya kiyi ali pomwepo, nyali za padashibodi zikuyaka, kuti ndipume kaye ndiganize. Pansi pa mpando wakumbuyo ndinkamva kanthu kakulira, nziii, osaleka. Sindinadziwe kuti n'chiyani. Amayi anali atasiya kumenya mpando, tsopano ankamenya galasi, ndipo kukhosi kwawo kunkatuluka mawu amene sindinawamvepo chidwalireni.

Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anakuwa.

"Petulotu uyo! Achemwali, petulo akutayika!"

Ndinatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Sanali madontho. Ankachucha kuchokera ku injini, wapanga kale kamtsinje m'dothi, ndipo malowo ndi otsetsereka. Kamtsinjeko kankalowera ku chiwaya.

Anthu inu, ndinaona imfa. Sindikukokomeza. Ndinathamangira ku chitseko cha amayi. Manja ankaterera pachogwirira. Nditachikoka ndinalimbana ndi lamba, zala zanga zomwe zimalowetsa ulusi pasingano tsiku lililonse zinalephera kudina kabatani kamodzi. Lamba atamasuka ndinawagwira m'khwapa n'kukoka. Sanasunthe. Mwendo wakufa uja unali utakodwa pansi pa mpando wakutsogolo. Ndinakoka mpaka msana unalira, koma amayi anali pomwepo, maso ali pa ine.

Maso amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Munthu amene sangathe kukuwa, sangathe kuthawa, akungokuyang'ana iwe mwana wake.

Anthu ambiri anathawa, ndipo sindikuwadzudzula. Ena anaima patali n'kutulutsa mafoni kumajambula. Ine ndinkangokuwa kuti, "Amayi anga! Thandizeni, sayenda!"

Bambo wa chiwaya uja sanaganize kawiri. Anatenga ndowa ya madzi otsukira mbatata n'kukhuthulira pa nkhuni, utsi uli tolo, kenako anayamba kukankhira dothi pa makala ndi mapazi, ali ndi patapata yekha. Wa kabaza wina, bambo wachikulire wovala chipewa cha njinga yamoto, anathamangira mbali ya dalaivala akukuwa kuti, "Kiyi! Zimitsani kiyi!" Analowetsa dzanja n'kupotoza. Kulira kuja kwa pansi pa mpando kunaleka. Petulo naye analeka kuchucha.

Amayi anatulutsidwa ndi azimayi a tomato. Mmodzi analowera mbali inayo n'kumasula mwendo, ena anayala chitenje, tinawagoneka pamenepo n'kugwira m'makona mwake, kuthamanga nawo mpaka pakhonde la golosale kutsidya kwa msewu. Duku linagwa m'njira. Ndipo amayi anga, munthu waulemu wake, wa mvano, amene sanatulukepo m'nyumba mutu uli pamtunda, anadzinyowetsa msika wonse ukuona. Mayi mmodzi anavula chitenje chake chapamwamba n'kuwafunditsa msanga. Amayi anatembenukira kukhoma, misozi ikutsika mbali imodzi.

Kamtsinje ka petulo kanaima pafupi kwambiri ndi makala aja, moti mwana wokwawa akanafikapo. Ndinapita kukaona ndekha.

Azimayi a pa Chonde, bambo wa chiwaya amene munataya malonda anu a tsiku lonse, ndi inu bambo wa kabaza, mayina anu sindinafunse chifukwa mutu sunkagwira. Mulungu akudziwani.

Ku Blantyre sitinafike. Amayi ndinabwerera nawo pa galimoto ya munthu wachifundo, atagwira mkono wanga njira yonse mpaka zikhadabo kundilowa. Galimoto yathu inakokedwa kupita kwa a Gomesi, amene amakonza za magetsi a galimoto cha ku Chitakale. Kumeneko ndi kumene ndinaona zimene anandiikira.

A Gomesi anaikankhira galimotoyo pabwalo, kutali ndi anthu, ndowa ya mchenga ili pambali. Anatsegula kuseri kwa dashibodi n'kuimba mluzu. Mawaya odulidwa, ena opotedwa ndi manja, okulungidwa tepi yakuda. Pakati pake kabokosi kakuda kopanda dzina, komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Bwerani muone nokha, achemwali, musadzati ndikunamizira mnzanga," anatero. "Ndipotoza kiyi osaliza injini. Muyang'ane kanyali ka injini."

Nyali zonse zinayaka. Ka injini ayi.

"Kanyali kameneko kamayenera kuyaka nthawi iliyonse mukapotoza kiyi, kenako kuzima injini ikalira. Ndi moni wake, kukuuzani kuti kali moyo. Apa waya wake sanalumikize n'komwe. Injini ikanagwa pansi, kanyalika sikakanayaka."

Ndiye funso lija la pafoni, lakuti kanyali kayaka, linali la chiyani? Munthu wadula yekha waya, n'kumandifunsa ngati nyali yayaka?

A Gomesi anandiuza kuti ndimvetsere. Kulira kuja, nziii, kunali kutayambanso. Anati imeneyo ndi pampu ya petulo. Anandionetsa mu injini: pa injekita yachitatu petulo ankatumphuka pa mng'alu wa pulasitiki yake, n'kumatsikira mbali ya ekizozi. Anazimitsa msanga. Kenako analumikiza makina awo oyezera. Makinawo anafufuza, anafufuza, n'kulemba kuti palibe chimene chikuwayankha.

Tsiku lotsatira anabwezeretsa mawaya mmene analili. Pagarajapo panali galimoto ina yofanana ndi yathu. A Gomesi anaimbira mwini wake ine ndikumva, kumupempha ngati angabwereke bokosi lake kwa kanthawi, ndipo mwiniwakeyo anabwera kudzaima pomwepo. Analiika m'galimoto yathu, bokosi la kufakitale, ngati langa lija.

Anapotoza kiyi. Kanyali kanayaka. Pampu inalira kamphindi chabe, n'kukhala chete yokha.

"Mwamva? La kufakitale likaona kuti injini sikuzungulira, limadula pampu. Analipanga dala choncho, kuti pa ngozi petulo asamatayike. Likanakhala ili pa Chonde paja, injini itangozima petulo akanasiya kutuluka. Koma a Injiniya anuwo pampu anailumikiza ku kiyi mwachindunji. Kiyi ali potsegula, pampu imangopopa mpaka thanki kuuma."

Atakulunga nsanza pa mng'alu uja analiza injini pang'ono. Inanjenjemera ngati tsiku loyamba lija. Posakhalitsa kanyali kanayaka n'kukhazikika. Makina analemba. Sindinafunse kuti akuti chiyani, ndinawerenga ndekha: injekita yachitatu.

Mawu omwe aja. Bokosi langa silinkabwebweta. Linkanena zoona kuyambira tsiku loyamba, mng'alu ukadali waung'ono.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji injini inkalira bwino nditaitenga kwa a Injiniya. A Gomesi anati kabokosi kakudako anakatchera kuti kazithira petulo wambiri m'mainjekita onse, kuti kunjenjemera kubisike. Matenda ali pomwepo, akukula, koma wodwala waoneka ngati wachira. Ndipo timakina tobiriwira tija timabwera limodzi ndi kabokosiko, timangoonetsa kuti kabokosiko kayaka, za injini sitidziwa kanthu.

Kuti ndisaname, a Gomesi sananyoze mabokosi onse ogula padera. Anati alipo abwino, ndipo pena munthu amakakamizika kugula poti la kufakitale lasowa. Koma anati limafuna munthu wodziwa, wokhala nalo pansi ndi laputopu, kulumikiza kanyali, kulumikiza pampu moyenera, ndi kumuuza mwini galimoto zimene bokosilo lingathe kuona ndi zimene silingathe. Ndiponso anati munthu sasintha bokosi asanaone chimene bokosilo likudandaula. Injekita anasintha, inali ntchito yosafika ndi masana omwe. Koma bokosi lobwereka linabwerera kwa mwini wake, ine ndinatsala ndi galimoto yopanda bokosi.

Ndiye ndinapita kwa a Injiniya kukatenga langa.

Ndinawapeza akudya chinanazi pa boneti ya galimoto ya munthu. Nkhani ya pa Chonde anali ataimva kale, kanema anali atawafika pafoni. Mukuganiza kuti anafunsa kuti amayi ali bwanji? Mawu awo oyamba anali akuti, "Komatu mayi, sinapse."

Sinapse. Ndiye tithokoze?

Ndinati ndikufuna bokosi langa. Anati lili m'zitsulo. Ndinati tiyeni tikalifune limodzi, ndili ndi tsiku lonse. Anayamba kukanda m'mutu. Anati mwina anzawo analisuntha. Ndinakhala pa tayala pakhomo penipeni pa garaja n'kunena kuti sindichoka, ndipo aliyense wolowa ndi galimoto ndimuuza za pa Chonde. Nditauza anthu awiri, a Injiniya anandiitanira mkati.

"Mayi, tisachititsane manyazi. Ndikuuzeni mmene timagwirira ntchito. Ikabwera galimoto yoti tikukayikira bokosi, timabwereka la galimoto ina yofanana nayo n'kuyesera. Amakaniko onse amatero. Nde tsiku lomwe munasiya yanu lija kunabwera bwana wina wa ku Muloza, wa geni ya ku Milange. Yake inkangozima. Tinayesera lanu, inalira bwinobwino. Nde bwanayo anali pa changu, anakana kuti tilichotse."

"Bokosi langa?"

"Eya."

"Lakufa lija?"

Ndinakweza mawu.

"A Injiniya, ndikufunsa. Bokosi munati lafa, lobwebweta lija, ndi limene likuyendetsa galimoto ya bwana wanu mpaka ku Mozambiki? Linauka liti?"

Anati ndisakweze mawu. Anati bwanayo amabwera kamodzikamodzi, akadzabwera adzakamba naye. Nambala yake alibe. Dzina lake amangomudziwa kuti bwana. Kenako, anthu inu, anatsegula kabati n'kutulutsa katoni, akuti andipatse kabokosi kena kakuda kaulere, poti mwina koyambako kanali ndi vuto la kufakitale.

Ndinayang'ana m'katonimo. Ndi katoni yaikulu, ya zipindazipinda ngati thireyi ya mazira, kabokosi kalikonse m'chipinda chake. Zipinda zambiri zinali zopanda kanthu. Zotsala ndi zochepa.

Timabokosi tinato tili kuti?

Tili pamsewu. Tili m'galimoto zimene zikuyenda pakati pa Muloza ndi Limbe lero lino. Mwina ndi takisi imene munakwera dzulo, mutapanikizana anthu asanu ndi atatu, zitseko zotsegukira kunja kokha. Mwina ndi imene imatenga ana anu ku sukulu ya mkaka. Dalaivala wake akuyang'ana padashibodi, palibe chayaka, mtima uli m'malo.

Kubwereka bokosi poyesera si mlandu, a Gomesi anabwereka ine ndikuona. Koma anapempha, mwini wake ataima pomwepo, ndipo analibweza. Inu a Injiniya munandiuza kuti langa lafa musanaliyese n'komwe, chifukwa munali mutaona kale kuti ndi lamoyo ndipo lili ndi msika.

Tsono inu amene muli ndi galimoto, kapena m'bale wanu ali nayo, wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa m'mawa musanalize injini, potozani kiyi n'kuyang'ana. Kanyali ka injini kayake, kenako kazime injini ikalira. Ngati sikayaka n'komwe, musasangalale, wina anakatseka pakamwa. Mvetseraninso pampu: ilire pang'ono, isiye. Ikamangolira osaleka, zimitsani, musakweze munthu. Makina akatchula chinthu, makaniko ayambe wakuonetsani chinthucho ndi maso musanavomere zosintha bokosi. Ndipo bokosi lanu lilembeni chizindikiro, ngakhale ndi penti wa zikhadabo, mulijambule pafoni musanasiye galimoto pagaraja. Akakusekani kuti ndinu mzimayi simudziwa kanthu, sekani nawo, koma musachoke.

Kwa inu a Injiniya, mafunso anga ndi awa, ndipo ndikufuna mayankho pano pomwe pagulu. Bokosi langa lili kuti, ndipo libwera liti? Ndani winanso munamuikira kabokosi kakuda? Muwaimbira liti kuti abwere mudzalumikize pampu moyenera? Kapena mukudikira kuti wina apse kaye kuti mudziwe kuti ndi angati? Ndipo pamene ndinakuuzani pafoni kuti ndikunyamula munthu wosayenda, inu mukudziwa zimene munachita kuseri kwa dashibodi, mawu akuti "musaope" anatuluka bwanji m'kamwa mwanu?

Achimwene atumiza bokosi lina la kufakitale kuchokera ku Joni, lafika pa basi, ndipo a Gomesi aliika. Galimoto ili bwino tsopano. Kanyali kamayaka n'kuzima, pampu imalira n'kusiya, fungo kulibe. Koma si zimene zandilembetsa.

Lero linali tsiku la mafizo. Ulendo wa pa Chonde uja tinaphonya, wotsatira wake tinaphonyanso poti galimoto inalibe bokosi. Zala zija zinayamba kugwedera zayambanso kupindikira m'kati, m'mawa ndimachita kuziwongola chimodzichimodzi. Ndiye lero ndinawasambitsa amayi, ndinawaveka duku latsopano, anansi anabwera kudzathandiza kuwakweza. Titafika nawo pa chitseko cha galimoto, anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira chitsulo cha pakhomopo. Anagwira zolimba. Amuna awiri analephera kuwalowetsa. Maso awo anali pa ine, maso omwe aja.

Ndinagwada. Ndinati, "Amayi, yakonzedwa. A makaniko akuti ili bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasiya chitsulo chija, anagwira mphuno yawo, n'kundiloza ine pachifuwa.

Ndinamva. Mawu amenewo ndinawauzanso tsiku lija, njira yonse, iwo akumenya mpando.

Tawabwezera m'nyumba. Akhala pakhonde, dzanja lakumanja lili pamwendo, lafumbata. Ine mawu oti ndiwauze andithera, poti amene ndinali nawo ndinabwereka kwa inu.

Ndiye bwerani, a Injiniya. Njira ya ku Likhubula mukuidziwa. Bwerani mudzagwade pamene ndinagwada ine, muwayang'ane amayi anga m'maso, muwauze nokha kuti asaope.